Tisadye Mpamba wa Ana Athu M'dzina la Mulungu



Okondedwa achinyamata ndi akhristu nonse, sabata ino tayamba taimika maphunziro athu a masakramenti kuti tikambe nkhani imene yakhala ikutisowetsa mtendere. Ena mwa inu simudzakondwa nayo, ndipo tikudziwa kuti pakutha pa Misa ya Lamulungu likudzali ena adzatipatsa moni akuyang'ana kumbali. Tavomera. Nkhani yake ndi ya makeke, masikono ndi zitumbuwa, zinthu zooneka zazing'ono, koma pansi pake pagona funso la chilungamo limene mkhristu sangalilambalale.

M'tchalitchi china chaching'ono cha kuno kwathu muli mtsikana wa m'kwaya amene dzina lake tilisunga. Atalemba mayeso a Fomu 4 sanapeze malo ku koleji, ndipo makolo ake analibe ndalama zoti abwereze. M'malo mokhala pakhonde kudikira woti amufunsire mbeta, iye anabwereka foni ya mlongo wake nayamba kugula mabandulo a usiku, otsikirako mtengo aja, kuti aziona makanema ophunzitsa kuphika makeke pa YouTube. Kenaka analipira kandalama kochepa nalowa m'gulu la pa WhatsApp momwe mayi wina wa ku Lilongwe ankaphunzitsa kayezedwe ka ufa, kasakanizidwe ka majarini ndi shuga, ndi kakongoletsedwe ka keke ya ukwati. Uvuni analibe. Ankathira mchenga pansi pa mphika waukulu, kukhazika chitini cha keke pamchengapo, kuvundikira, ndi kuika makala pansi ndi pamwamba monga amachitira amayi athu pophika chigumu. Makeke oyamba anapserera kunja, mkati muli mosapsa. Ena anafufuma bwino kenaka n'kugwa pakati. Iye sanataye mtima. Pofika mwezi wachitatu anthu a pamsika anali atamudziwa, ndipo mayi ake anamutengera ngongole ku banki m'khonde kuti akhale ndi mpamba.

Lero mtsikanayu saphikanso. Titapita kukamuchezera kuti timve chimene chinachitika, sanalankhule zambiri. Analowa m'nyumba natulutsa kope la sukulu momwe ankalembamo angongole ake. Tinkayembekeza kupezamo maina a zidakwa za pamsika, a makondakitala a minibasi kapena a anyamata a kabaza. Munalibe ndi limodzi lomwe. Amenewo, anatero iye, amalipira asanalume. Maina amene anadzaza masamba anayi anali a ife akhristu: komiti imene inaitanitsa keke ya tsiku la nkhoswe ya tchalitchi, mphakati umene unatenga masikono a pa mapemphero, amayi ena a bungwe amene anati adzalipira akagulitsa mpunga, ndi anzake a m'kwaya. Pa tsamba lachitatu panalinso dzina lathu. Tinatenga masikono 30 a ana a kalasi la Ulimbitso, tinati tidzaonana Lolemba, ndipo patatha miyezi isanu Lolembalo linali lisanafike. Choncho musaganize kuti tikulemba izi titakwera pachulu. Tikulemba ngati munthu amene wagwidwa nkhuku ili m'khwapa.

Mfundo yathu ndi iyi. Mabizinesi ang'onoang'ono a achinyamata amene aphunzira kuphika pa intaneti ali ndi adani ambiri, monga kukwera kwa mitengo ndi kusowa kwa magetsi, koma mdani amene amawamaliza amakhala pa benchi limodzi ndi eni ake m'tchalitchi. Ndife amene tikudya mpamba wa ana athu, ndipo tikuudya m'dzina la Mulungu ndi m'dzina la chibale. Tchimo limeneli tinalizolowera mpaka tinaleka kuliona, n'chifukwa chake sitilitchula tikamakalapa.

Kuti tione kukula kwa chimene tikutaya, tiyeni tiyambe tayang'ana kutali. Dziko la Philippines ndi limodzi mwa maiko amene ali ndi Akatolika ochuluka zedi. Pa anthu 10 alionse, pafupifupi 8 ndi a mpingo wathu. Mu Malichi 2020, mliri wa Covid-19 utafika, boma la kumeneko linatseka mzinda wa Manila ndi chilumba chonse cha Luzon, anthu miyandamiyanda natsala m'nyumba opanda ntchito. Bungwe la boma loona za maphunziro a ntchito zamanja, lotchedwa TESDA, linali kale ndi maphunziro aulere a pa intaneti kuyambira mu 2012, ndipo pakati pa maphunzirowo panali a kaphikidwe ka buledi ndi makeke. Anthu ochuluka analembetsa, ena naphunzira pa YouTube ndi pa Facebook. Makhitchini a m'nyumba anasanduka malo a malonda. Anatenga kabuledi kawo ka m'mawa kotchedwa pandesal, nakasakaniza ndi ube, chilazi cha kwawo chofiirira ngati chovala cha wansembe pa nyengo ya Lenti, naikamo tchizi mkati. Kabuledi kameneka kanatchuka dziko lonse m'chaka chimenecho. Ophika ankajambula zithunzi n'kuika pa Facebook, anansi n'kuitanitsa, ndipo ambiri ankatumiza ndalama pa foni kudzera pa GCash katundu asanachoke pakhomo. Mabanja ena anadya ndi kulipira lendi ndi ntchito imeneyi m'miyezi yonse ya mavuto ija.

Sitikunena kuti anthu a ku Philippines ndi angelo, kapena kuti onse amene anayamba anapitirira. Dziko lawo lilinso ndi magetsi ndi intaneti zofika kutali kuposa zathu. Koma pali zinthu ziwiri zimene sitingazizembe. Choyamba, luso limene kale linkafuna sukulu ya mumzinda ndi fizi tsopano limatha kulowa m'mudzi kudzera m'foni ya m'manja. Chachiwiri, luso limenelo linasanduka chakudya cha banja chifukwa oyandikana nawo ankagula n'kulipira. Choyambacho chafika kale kuno. Pa Golomoti, pa Mtakataka ndi pa Mua mupeza achinyamata amene sanapondepo pakhomo pa koleji iliyonse ya pansi pa TEVETA koma akutha kuphika keke imene mkwati angainyadire. Chachiwiricho ndicho tikulephera ifeyo.

Ambiri a ife timaganiza kuti keke ndi ufa ndi madzi basi. Tiyeni tiwerengere limodzi. Tirigu wambiri amene timadya m'Malawi amachokera kunja, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu Febuluwale 2022, mtengo wa tirigu ndi wa mafuta ophikira unakwera padziko lonse. Mu Meyi chaka chomwecho kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Ufa wa tirigu, majarini, mazira ndi zofufumitsira zinakwera, koma wogula wa m'mudzi sanalole kuti sikono ikwere chimodzimodzi. Shuga, amene amapangidwa konkuno ku Dwangwa ndi ku Nchalo, anasowa m'masitolo mu 2024, anthu n'kumaima pamizere. Pa Golomoti pali malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 amene anayamba kugwira ntchito mu 2022, koma magetsiwo amalowa m'nthambo za dziko lonse, ndipo nyumba zambiri za m'midzi yathu zimagonabe mumdima. Wophika wathu amagula makala, amalipira kotchajitsa foni, amalipira bandulo, amalipira kabaza wokatenga ufa. Zonsezi zimalowa mu sikono imodzi ija imene timaitenga n'kunena kuti tionana.

Tiyerekeze kuti mtsikana waphika masikono 40, ndipo akachotsera zonse zimene analowetsa, phindu lake ndi mtengo wa masikono 8. Ndiye kuti masikono 32 ndi mpamba, ndalama zoti akagulirenso ufa wa mawa. Komiti ikatenga masikono 20 osalipira, yadya phindu lonse la tsikulo pamodzi ndi masikono 12 a mpamba. Ndi ndalama zimene zatsala, mawa adzatha kuphika masikono 25 okha, ndipo sanatengeko ndi tambala yomwe ya sopo. Zikachitikanso kawiri, bizinesi yatha. Ku banki m'khonde sadziwa kuti masikono anadyedwa pa mapemphero. Tsiku lobweza likakwana amafuna ndalama ndi chiwongoladzanja chake, ndipo zikavuta amadzanyamula ndowa kapena mbuzi ya mayi ake. Wosowa pogwira amathamangira kwa akatapila, ndipo amene walowa kumeneko satuluka msanga.

Tikudziwa mayankho amene tidzapatsidwa, pakuti ena tinawagwiritsapo ntchito tokha. Loyamba ndi lakuti zimene zapita ku tchalitchi zapita kwa Mulungu, ndipo Mulungu adzamudalitsa. Ena amafika potchula mayi wamasiye wa ku Zarefati amene anaphikira mneneri Eliya ndi ufa wake wotsiriza. Abale, tiwerenge bwino 1 Mafumu 17. Eliya anali mlendo wanjala m'nyengo ya chilala, wotumidwa ndi Mulungu, ndipo ufa ndi mafuta a mayiyo sizinathe mpaka mvula inagwa. Ife tinalibe njala, tinkangofuna kukometsa phwando. Ndipo mbiya ya mtsikana uja inauma ife tikuona, popanda woidzaza. Ngati tikufuna chitsanzo cha m'Malembo Oyera chotiyenera, tichipeza pa 2 Samuele 24. Mfumu Davide ankafuna kumanga guwa pa dwale la Arauna, ndipo mwini malo anali wokonzeka kumupatsa ng'ombe za nsembe ndi nkhuni kwaulere. Davide anakana, nalimbikira kugula ndi ndalama zake, chifukwa anaona kuti nsembe imene iye sanaivutikire singakhale nsembe yake. Komiti imene imaika keke ya mwana wa mmphawi pamaso pa bambo mfumu n'kuomberedwa m'manja, yapereka chiyani chimene chili chake?

Mphatso imakhala mphatso pamene woperekayo anali ndi ufulu wokana. Mtsikana wa zaka 19 akaitanidwa ndi a tcheyamani pamaso pa akuluakulu n'kuuzidwa kuti, “Mwana wathu iwe, paja wadziwa kuphika, alendo akamadzabwera keke ikhala yako,” kodi ali ndi pakamwa poyankhira? Adzagwada n'kunena kuti, “Ndamva bambo.” Tinamulera tokha kuti asamatsutse akulu, ndipo tsopano tikugwiritsa ntchito ulemu womwewo pomulanda. Amayi amene amabwera ndi dengu la chimanga pa tsiku la Masika amapereka mwa kufuna kwawo, akudziwa zimene atsala nazo m'nkhokwe. Chimenecho ndicho chopereka. Ngati mtsikanayo, bizinesi itakhazikika, adzafuna yekha kuphikira tchalitchi chake, tidzalandira ndi nthungululu. Koma kusankhako kukhale kwake.

Yankho lachiwiri ndi la chibale. Amati ndife banja limodzi, kugulitsana pachibale n'kuipa mtima, ndipo paja akulu anati kupatsa n'kuika. Mwambiwu ndi woona, koma ukunena za wopatsa, sukunena za wolanda. Chodabwitsa n'chakuti chibale chimenechi chimagwira ntchito pa ofooka okha. Ndi komiti iti imene inapitapo ku golosale ya pamsika kukanyamula makireti a zakumwa n'kunena kuti ndi za Mulungu? Mwini galimoto yonyamula kwaya timamupatsa za mafuta asanalize injini. Wobwereketsa zokuzira mawu timamupatsa zake dzuwa lisanalowe. Bajeti ya phwando imakhala ndi mzere wa nyama, wa mpunga, wa zakumwa, koma ikafika pa keke timalembapo dzina la mtsikana m'malo mwa mtengo. Timatero chifukwa ndi wamng'ono, ndi wamkazi, ndipo tikudziwa kuti sadzatitengera kwa amfumu. Chibale chenicheni chikanatikumbutsa kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo kholo silidya mbewu imene mwana wake wasungira kudzala.

Yankho lachitatu ndi lakuti tikumutsatsira malonda, anthu akalawa adzamudziwa. Adzamudziwadi, koma adzamudziwa ngati uja wophika kwaulere, ndipo ukwati wotsatira udzabwera ndi pempho lomwelo. Kuseri kwa yankho limeneli kumabisala ganizo lina limene ambiri salinena poyera: kuti ntchito yophunziridwa pa foni si ntchito yeniyeni, ndi masewera a ana, choncho siyenera malipiro. Sitikana kuti m'foni muli zonyansa, muli juga imene ikumaliza ndalama za anyamata athu, muli akathyali amene amalandira fizi ya maphunziro n'kutseka gulu la WhatsApp m'mawa mwake. Koma Mpingo sunaphunzitsepo kuti chida chotere n'choipa pachokha. Msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican unatulutsa chikalata cha Inter Mirifica mu 1963 cholimbikitsa kugwiritsa bwino ntchito njira zofalitsira mauthenga. Pa 7 Sepitembala 2025 Papa Leo XIV analengeza kuti Carlo Acutis ndi woyera, mnyamata wa ku Italy amene anamwalira mu 2006 ali ndi zaka 15, ndipo ankagwiritsa ntchito kompyuta pofalitsa chikondi cha Ukaristia. Mwana amene wasankha kuthera bandulo yake pophunzira ntchito, pamene anzake akuithera pa juga, akanayenera kuyamikiridwa pa nthawi ya zolengeza. Ife tamuthokoza ndi ngongole.

Chiphunzitso cha Mpingo pa malipiro n'chosabisika. Buku la Deuteronomo, mutu 24, limalamula kuti mmphawi wogwira ntchito alipidwe tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, chifukwa moyo wake wadalira pamenepo. Yakobe Woyera, m'mutu 5 wa kalata yake, akuchenjeza kuti malipiro amene wantchito wamanidwa amafuula mpaka kwa Mulungu. Katekisimu wa Mpingo amaika kumana wantchito malipiro ake pakati pa machimo ofuulira kumwamba, pamndandanda umodzi ndi magazi a Abele. Papa Leo XIII analemba Rerum Novarum mu 1891 poteteza antchito, ndipo Papa John Paul II, amene anadzatichezera kuno ku Malawi mu Meyi 1989, anaphunzitsa mu Laborem Exercens mu 1981 kuti malipiro oyenera ndiwo muyeso woonera ngati dongosolo la chuma lili lolungama. Maepiskopi athu, m'kalata yawo ya Lenti ya pa 8 Malichi 1992 imene inagwedeza dziko lino, anadandaula za malipiro ochepa a antchito ndi kukula kwa mpata pakati pa olemera ndi osauka. Kalata imeneyo timainyadira chaka ndi chaka. Timaiwerenga ngati yolembera boma ndi eni maesiteti. Sitiganiza kuti tsiku lina ingatipeze ifeyo tili ndi nyenyeswa za sikono pakamwa.

Ndipo ife a dera lino tilibe chowiringula, chifukwa chitsanzo chili pakhomo pathu. Mishoni ya Mua inakhazikitsidwa mu 1902 ndi ansembe a chipani cha White Fathers, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni kumene amisiri osema akhala akuphunzira ndi kugwira ntchito. Ziboliboli ndi mitanda ya ku Mua zili m'matchalitchi ambiri m'dziko muno ndi kunja, ndipo mabanja a amisiriwo akhala akudya ndi kuphunzitsa ana kuchokera m'thukuta limenelo. Luso limenelo lakhala zaka pafupifupi 50 chifukwa linapatsidwa mtengo. Akanati parishi iliyonse izidzangotenga mtanda kwaulere poti ndi wa Mulungu, bwenzi amisiri ambiri atapita kukaotcha makala m'nkhalango ya Mua-Livulezi. Nanga bwanji dzanja logwira kasemasema timalilemekeza, koma dzanja lokanda ufa timaliyesa la ulere?

Pali chinanso chimene chiyenera kutiopsa. Malemu Inkosi Theresa Kachindamoto, amene anatisiya mu Ogasiti 2025, anadziwika padziko lonse chifukwa chothetsa maukwati a ana mazanamazana m'dera lino, kubwezera atsikana ku sukulu ndi kuimitsa mafumu amene ankalekerera mchitidwewu. Malamulo a dziko nawo anasintha: mu 2015 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la ukwati loika zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anakonzedwa kuti agwirizane nalo. Koma lamulo limangotulutsa mtsikana m'nyumba ya mwamuna, silimugulira sopo, yunifomu kapena fizi ya mng'ono wake. Chimene chimakankhira atsikana ambiri ku ukwati wosakonzekera, ngakhale amene apitirira zaka 18, ndi umphawi. Beseni la masikono ndi laling'ono, koma kwa mtsikana wina ndilo limaima pakati pa iye ndi bambo wa ndalama wa pa doko la nsomba kapena dalaivala wa pa msewu wa M5. Tikadya mpamba wake tamulanda chishango, ndipo mawa akadzatenga pathupi ndife omwe tidzakhale pa bwalo la mphakati kumuimitsa masakramenti.

Achinyamata, musaganize kuti inu mwapulumuka. Ena a inu mumaonera kanema kamodzi n'kudzitcha akatswiri, keke n'kufika pa ukwati ili yosapsa mkati. Wotero asadandaule anthu akamuthawa. Ena simudziwa mtengo weniweni wa sikono yanu chifukwa simulemba, ndalama za mpamba ndi za m'thumba zimagona m'chitini chimodzi. Ena mumakakamira makeke a m'makanema a ku America ofuna zipangizo zimene muyenera kukagula ku Lilongwe, mukunyoza nthochi, chinangwa, mtedza, ufa wa mgaiwa ndi mbatata yofiira mkati ija ya vitamini A, imene ophika buledi ena m'dziko muno anayamba kale kuisakaniza ndi tirigu kuti achepetse ufa wogula. Anzanu a ku Philippines anatchuka ndi chilazi cha kwawo. Chigumu, zitumbuwa ndi mkate wa nthochi wa agogo anu, zikaphikidwa mwaukhondo, zoyezedwa bwino ndi kukulungidwa bwino, zili ndi msika pa msewu uno. Koposa zonse, phunzirani kutchula mtengo osagwetsa nkhope. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kunena mwaulemu kuti, “Amayi, keke imeneyi ndi mwakuti, ndipo ndiyamba kuphika ndikalandira theka,” si mwano ndipo si tchimo.

Tsono tichite chiyani? Tikupempha makomiti a matchalitchi, miphakati ndi mabungwe onse kuti kuyambira phwando likudzali, keke ndi masikono zikhale ndi mzere wake m'bajeti monga nyama ndi zakumwa. Woitanitsa apereke theka la mtengo pa tsiku loitanitsa, pamanja kapena pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo theka linalo pa tsiku lolandira. Mkhristu wopeza bwino amene akufuna kuti tchalitchi chilandire keke ya mphatso aigule yekha kwa wachinyamata n'kuipereka. Pamenepo wadalitsa awiri. Komiti ikakhala ilibe ndalama, phwando lichitike popanda keke, pakuti Misa sichepa mphamvu chifukwa kunja kulibe chodula ndi mpeni. Magulu a achinyamata asonkherane bandulo, aonere phunziro limodzi pa foni imodzi, amange uvuni wa njerwa kapena wa mgolo woti aziphikiramo mosinthana kuti makala asamathe ambiri, ndipo amene wadziwa aphunzitse anzake. Anyamata amene mukuganizabe kuti kukanda ufa ndi ntchito ya akazi, kasuzumireni m'mabekale a m'tauni muone amene ali pa uvuni. Aphunzitsi ndi amalonda opuma ntchito amene tili nawo m'miphakati athandize ana athu kusunga kaundula wa ndalama.

Pa Misa iliyonse wansembe amanyamula mkate n'kuthokoza Mulungu, akukumbukira nthaka imene inaubala ndi manja amene anauvutikira. Ambuye anasankha chinthu chophikidwa ndi manja a anthu kuti akhale nafe. Sitingagwadire mkate wa pa guwa Lamulungu n'kupondereza manja ophika mkate Lolemba. Pa Mateyo 5 Yesu akulangiza kuti munthu amene wafika ndi chopereka pa guwa n'kukumbukira kuti mbale wake ali naye chifukwa, ayambe wapita kukakonza za mbale wakeyo. Ife tapita. Lachiwiri lapitali tinakalipira masikono 30 aja pa mtengo wa lero, osati wa nthawi imene tinawatenga, ndipo mtsikanayo anafufuta dzina lathu ife tikuona. M'kope muja masamba onse anayi akadali ndi maina. Iye akuti mainawo akafufutika adzagula thumba la ufa n'kuyambiranso. Eni mainawo mukudzidziwa, ndipo m'midzi inanso muli makope ena onga limenelo. Lamulungu lisanafike, pitani mukalipire.

Ambuye akhale nanu sabata yonseyi.